Malipoti a Wamafiriji

Gulu la alembi la pa foni lotchedwa Cholembera Chisaume linali ndi mamembala okhazikika khumi ndi mmodzi. Kuyambira pa 1 Januwale kufika pa 27 Meyi linalandira alendo 37, ndipo onsewo anatuluka. Amene anapirira kwambiri anakhala masiku asanu ndi anayi. Amene anachenjera msanga anakhala mphindi zinayi.

Manambalawa anali olondola chifukwa ankasungidwa ndi mayi wina amene pagulupo ankamutcha Kalembera. Ntchito yake inali ya pa desiki kwa dokotala wa mano: kulandira odwala, kulemba nthawi m'kaundula, ndi kuuza anthu otupa masaya kuti adikire pang'ono. Munthu akamufunsa nthawi, sankayankha kuti "cha m'ma teni." Ankati, "Kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri." Kumasamba otsala a kaundula wakale anajambulako mizere itatu: tsiku limene mlendo walowa, tsiku limene watuluka, ndi chimene chamuthamangitsa. Mu mzere wachitatuwo, malo 34 munalembedwa chinthu chimodzi: a Pulofesa.

A Pulofesa sanali pulofesa. Anali ndi shopu ya utoto, ndipo makasitomala akasowa ankawerenga mabuku kuseri kwa zitini. Mlendo akatumiza ndakatulo yake yoyamba, mtima uli m'mwamba, a Pulofesa ankayamba ndi mawu akuti "Ndi chikondi chonse," kenako n'kulemba ndime zisanu ndi zitatu zopanda ngakhale dontho la chikondi. Mlendo wa mphindi zinayi uja sanatumize n'komwe kanthu. Anangowerenga zimene mnzake anauzidwa, n'kuliyatsa liwiro.

Lamlungu pa 27 Meyi, Kalembera anapita kukacheza kwa mkulu wake. Anapeza alamu ake pabwalo akupukuta galimoto yophunzitsira anthu kuyendetsa. Alamu akewa ndiwo anayambitsa gululo zaka zinayi zapitazo, pamene anaganiza zolemba buku la moyo wawo. Bukulo linaima pa tsamba limodzi ndi theka, koma udindo wa Tcheyamani unapitirira.

"Alamu, gulu lija ndikutseka," anatero a Tcheyamani, osasiya kupukuta galasi.

"Mukutseka chifukwa chani?"

"Foni yanga yadzaza. Dzulo ndimafuna kujambula wophunzira wanga atagunda mgolo ndi galimoto, foni n'kundiuza kuti malo atha. Atha ndi chani? Ndi a Pulofesa. Komanso gulu lanji lopanda alendo? Anthu khumi ndi mmodzi omwewomwewo, kumangonunkhizana ngati mbuzi za khola limodzi."

"Alendo amabwera."

"Mlendo ndi mame, alamu, koma athuwa akuposa mame. Mame amadikirako dzuwa."

Kalembera sanaseke. Iye anali ndi buku lake, ndipo lake silinaime pa tsamba limodzi ndi theka. Lachinayi lililonse, nthawi ya nkhomaliro, ankatumiza mutu umodzi pagulupo. Kunyumba anayesapo kuwerengera mwamuna wake, amene anagona pa tsamba lachiwiri n'kudzuka akulimbikira kuti amamvetsera ndi maso otseka. Mkulu wake ankati "zabwino kwambiri" asanatsegule n'komwe. Pagulu pokha ndi pamene panali anthu anayi, nthawi zina asanu, amene ankawerenga mpaka kumapeto. A Pulofesa ankang'amba mutu uliwonse, inde, koma ankang'amba atawerenga. Gulu likatsekedwa, bukulo likanatsala ndi wowerenga mmodzi, amenenso anali mlembi wake.

"Mundipatse mwezi umodzi," anatero.

A Tcheyamani anafinya kansalu kawo. "Chabwino. Mlendo mmodzi yekha. Akhale masiku makumi atatu osatuluka, ndipo azilemba, osati kungokhala phee ngati chithunzi cha pakhoma. Pa 30 Juni mudzandionetse m'kaundula mwanumo. Zikakanika, ndikutseka, ndipo musadzapite kukalira kwa akulu anu."

Kalembera anawerengera ali chiimire. Mlendoyo anayenera kulowa pasanadutse pa 31 Meyi.

Lolemba m'mawa anatumiza malamulo atsopano. Mlendo sadzudzulidwa mpaka atakwanitsa masiku makumi atatu. Chilichonse chimene watumiza chiyankhidwe ndi anthu atatu ola lisanathe. Woyankha atchule mzere umene wamusangalatsa, kenako afunse funso limodzi.

"Ndiye tizinama?" analemba a Pulofesa.

"Ayi. Muzifufuza chabwino mpaka muchipeze."

"Nanga chikasowa?"

"Muzifufuzabe."

Malamulo analipo, koma mlendo panalibe. Lachiwiri kunali zii. Lachitatu kunali zii. Lachinayi pa 31 Meyi, nthawi ili 3:40 masana, m'chipinda cha adokotala munatuluka bambo wina wovala ovolosi yabuluu, chikwama cha zida chili paphewa, thonje lili tho m'kamwa. Anali atangomuzula dzino la kumapeto. Pa khadi lake, pamalo a ntchito, panalembedwa kuti amakonza mafiriji.

"Musadye zotentha lero," anatero Kalembera.

Bamboyo anagwedeza mutu.

"Mudzabwerenso Lachisanu pa 29 Juni, 10 koloko m'mawa, adokotala adzamate dzino linalo."

Anagwedeza mutu.

"Nkhani mumazikonda, bambo?"

Anagwedezanso.

"Tili ndi kagulu kathu ka pa foni. Ndikulowetseni?"

Mutu unatsika, n'kukwera. Nambala yake inali pa khadi pomwepo. Nthawi ili 3:46, Kalembera anamulowetsa, n'kulemba m'kaundula kuti mlendo wa nambala 38, Wamafiriji. Ankadziwa kuti munthu wa thonje m'kamwa akhoza kuvomera ngakhale ukwati. Koma anadzilimbitsa mtima kuti mutu unagwedezeka, ndipo mutuwo unali wa mwiniwake.

Kuwerenga masiku kunali kosavuta, chifukwa deti la mwezi wa Juni ndilo linali nambala ya masiku a mlendoyo. Tsiku loyamba anthu anamulandira ndi mauthenga 26, iye osayankha. Lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi. Koma sanatuluke. Ndiyeno Lolemba pa 4 Juni, nthawi ili 11:20, pagulu panagwa uthenga uwu:

"Nyumba ya geti lobiriwira. Firiji siikuzizira m'munsi. Ndaikoka pakhoma. Kuseri ndapeza supuni ziwiri, sokosi imodzi ya mwana, ndi kalata yosatsegula. Mayi atenga kalatayo, akhala pansi. Feni ndasintha. Pochoka anali asanaitsegule."

Panapita mphindi zisanu ndi imodzi. Kenako foni inaonetsa kuti a Pulofesa akulemba. Kalembera anasiya wodwala ali chiimire pa desiki, khadi lili m'manja.

"Mzere umene wandigwira," analemba a Pulofesa, "ndi wakuti 'Feni ndasintha.' Funso langa: kudziletsa kotereku munakuphunzira kuti?"

Kalembera anaganiza kuti bambowo akungomvera lamulo mano ali gwa. Koma pasanathe mphindi ziwiri a Pulofesa anamuimbira foni.

"Mayi, ameneyu mwamutola kuti?"

"Anabwera kudzazula dzino."

"Ameneyu ndi mlembi! Mwaona kuti sakutiuza za m'kalatamo? Wina aliyense pagulu pano akanatilembera masamba atatu a misozi. Iyeyu wangosintha feni n'kumapita. Paja amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ameneyu wabwera ndi bokosi lonse."

Kuyambira tsiku limenelo, Wamafiriji ankatumiza kawiri kapena katatu pa tsiku, kupatula Lamlungu. Analemba za firiji ya pa lesitilanti imene ophika ankaitseka ndi bondo mpaka chitseko chinapindika. Analemba za banja limene linagawana mashelefu, mwamuna m'mwamba, mkazi m'munsi, botolo la madzi lokha n'kukhala la onse. Mafunso ankamugwera ngati mvula, koma sanayankhe ngakhale limodzi. A Pulofesa anafotokoza kuti mlembi weniweni satsatira nkhani yake ndi ndodo kuti aziilozera anthu. Za supuni ziwiri zija analemba ndime zinayi, kusonyeza kuti zikuimira imfa. Mlakatuli wina wa pagulupo, amene kwa zaka zitatu ankalemba za mwezi ndi mtima wosweka, anayamba kukoka mipando kunyumba kwake kuti aone za kuseri. Anapeza fumbi ndi batani, ndipo analemba za zimenezo.

Lachiwiri pa 19 Juni kunabwera uthenga umene anthu anaukambirana mpaka madzulo:

"Nyumba ya m'mwamba, chitseko chachitatu kumanzere. M'dala amakhala yekha. Kompuresa yafa. Mufiriza muli kapoto ka nyemba kamene anaphika mkazi wawo asanamwalire, chaka chatha mu Ogasiti. Akuti ndisakakhudze. Takapititsa mufiriji ya oyandikana nawo, anyamula okha. Kompuresa ina ifika pa 3 Julaye."

Tsiku limenelo ngakhale a Tcheyamani, amene anali atatha miyezi isanu osalemba kanthu pagulu, anatumiza mawu amodzi: "Kenako?"

Kalembera ankalemba nambala ya tsiku m'kaundula m'mawa uliwonse, ndi cholembera chakuda, mtima uli m'malo.

Lachisanu pa 22 Juni, kafiriji kosungira mankhwala kamene kanali kuseri kwa desiki kanayamba kudontha madzi. Adokotala anasuzumira pakhomo, magolovesi ali m'manja, n'kunena kuti aitane wodwala uja wa mafiriji. Bamboyo anafika nthawi ili 2:15. Anapereka moni mwaulemu ngati munthu amene sakudziwa kuti m'chipindamo muli womusirira. Kalembera anafuna kunena kanthu za nyemba zija, koma anakumbukira mawu a a Pulofesa, n'kuganiza zosasokoneza mlembi ali pa ntchito.

Bamboyo anagwada, anatulutsa mabotolo, anasisita labala wa pachitseko ndi chala, anamata, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Atamaliza anapukuta manja pa ovolosi, n'kutulutsa foni yong'aluka galasi. Chala chake chachikulu chinagunda pamwamba pa foniyo maso ake ali kwina, akuyang'ana ngati madzi asiya kudontha. Analemba mwachangu, n'kutumiza.

Foni ya Kalembera inanjenjemera pansi pa kaundula. Nthawi inali 2:52.

"Kwa dokotala wa mano. Labala wa pachitseko wang'ambika, ndamata koma pafunika wina. Mufiriji ya mankhwala muli yogati wa mayi a pa desiki, kuseri kwa mabotolo, wolembedwa deti. Ndawasiyira. Bwana, sipanala yaing'ono ija muli nayo ndinu."

Kalembera anawerenga kawiri. Kenako anafunsa, mawu ali bwinobwino ngati akufunsa za nyengo, "Mumalembera ndani pamenepo, bambo?"

"Bwana wanga. Ndi lamulo la pakampani: ukamaliza ntchito, lipoti. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Iwowo amakhala pamwamba penipeni pa foni, moti sindichita kuyang'ana. Chala chimadziwa chokha." Anakoleka chikwama paphewa. "Kungoti foniyi masiku apitawa inkangolira ngati yadwala malungo. Mwana wanga wamkazi ndiye anaitseka pakamwa. Tsalani bwino, mayi."

Kalembera anakhala pansi. Nkhani yonse inaonekera poyera ngati dzino pa chithunzi cha adokotala. Gulu limene limalandira mauthenga mazana awiri pa tsiku silichoka pamwamba pa foni. Bwana uja anakankhidwira pansi kalekale, ndipo chala chodziwa chokha chija chinakhala chikutumiza malipoti a ntchito kwa alembi khumi ndi mmodzi.

Foni inanjenjemeranso. Anali a Pulofesa.

"Taonani mayi a pa desikiwa! Mkazi wosungulumwa, amene amalemba deti ngakhale pa yogati, poopa kuti moyo ungamudutse asanauwerenge. Mlembi wamujambula ndi mzere umodzi wokha. Ndipo 'Bwana' amene watenga sipanalayu, ndani wina ngati si Mulungu?"

Kalembera anatsegula kafiriji, anatulutsa yogati uja, n'kumudya yense ataimirira, ngakhale kuti deti lake linali la mawa.

Panatsala masiku asanu ndi atatu. Chimene chinkafunika n'kungotseka pakamwa basi. Bamboyo sakanatuluka m'gulu limene sankadziwa kuti alimo, ndipo sakanasiya kulemba pokhapokha mafiriji onse atachira tsiku limodzi. Pa 30 Juni nambala ikanakwana yokha.

Loweruka analemba 23 m'kaundula, koma ndi pensulo. Lolemba analemba 25, ndi pensulonso. Nambala ya pensulo inkamuyabwa ngati kanyama kotsalira m'mano. Ankati akaona lipoti latsopano, n'kumaganiza za mayi wa kalata uja ndi m'dala wa nyemba, amene anatsegulira munthu chitseko kuti akonze firiji, osadziwa kuti akutsegulira anthu khumi ndi awiri. Ankaganizanso za bwana amene watha milungu itatu osalandira lipoti, mwina akungosunga mkwiyo. Lachinayi pa 28 Juni nthawi ya nkhomaliro inakwana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire buku lake, sanatumize mutu. Anautsegula, anauyang'ana, n'kuutseka.

Lachisanu pa 29 Juni, Wamafiriji anafika nthawi ili 9:51 kudzamatitsa dzino. M'chipinda chodikirira munali mayi mmodzi wogwira tsaya ndi mpango, ndi duwa la pulasitiki pawindo. Kalembera anadziwa kuti ngati n'kulankhula, alankhule bamboyo asanalowe, chifukwa akatuluka adzavomera chilichonse.

"Bambo, tatulutsani foni yanu. Muyang'ane pamwamba penipeni. Ndi maso, osati ndi chala."

Bamboyo anayang'ana. "Cholembera Chisaume. Ndi chani chimenechi?"

"Ndi gulu la anthu olemba nkhani. Ndinakulowetsani ndine, tsiku lija munazula dzino. Ndinakufunsani muli ndi thonje m'kamwa. Ndinalakwa. Malipoti anu onse kuyambira pa 4 Juni akhala akubwera kwa ife. Alipo 52."

"Kwa inu? Nanga bwana?"

"Sanalandire ngakhale limodzi."

Bamboyo anatsegula gululo. Chala chinayenda, chinayenda, mauthenga osatha. Nkhope yake inasintha.

"Mayi, mwandipha. Ntchito yanga yatha basi. Ndiponso za m'nyumba za anthu! Nyemba za m'dala uja mwawerenga nonse?"

"Tonse."

"Ndi za yogati zomwe?"

"Makamaka zimenezo."

Bamboyo anadina kawiri, ndipo pa foni ya Kalembera panatuluka kamzere kakang'ono konena kuti watuluka. Nthawi inali 9:58, tsiku la 29. Anatuluka panja, foni ili kukhutu.

Pagulu panabuka chipwirikiti. Uthenga woyamba unali wa a Pulofesa: "Sindine! Aliyense waona, sindinanene kanthu!"

Kalembera anatenga cholembera chakuda n'kulemba deti mu mzere wachiwiri. Mu mzere wachitatu, wa chimene chamuthamangitsa mlendo, analemba kuti "Ine."

Kudzera pawindo ankamuona bamboyo akuyendayenda m'mphepete mwa msewu, akuwerama pang'ono ngati bwanayo ali patsogolo pake. Kenako anaima. Anachotsa foni kukhutu, anaiyang'ana, n'kuibwezeranso. Atalowa, anayenda pang'onopang'ono mpaka pa desiki.

"Akuti chani?" anafunsa Kalembera.

"Akuti, 'Malipoti ake ati?'"

"Sanaone kuti asiya kubwera?"

"Akuti lamulolo analikhazikitsa atangochokera ku semina, ndipo anaiwala kulichotsa. Akuti sanatsegulepo ngakhale limodzi." Anakhala pa benchi, chikwama chili pamiyendo. "Zaka zisanu ndi chimodzi, mayi. Ine kumasankha mawu kuti bwana asatope powerenga."

Adokotala anaitana. Bamboyo analowa foni ili m'manja. Ngakhale anali atatuluka m'gulu, mauthenga akale anali adakali momwemo, ndipo chitseko chisanatsekeke Kalembera anamuona atagona pa mpando uja, akudikira kuti jakisoni agwire, foni ataikweza pamwamba pa nkhope.

Anatuluka nthawi ili 10:41, mlomo uli lende mbali imodzi. Anayesa kulankhula, koma mawu anatuluka ngati a munthu wa pansi pa madzi. Anatenga khadi lake pa desiki, analitembenuza, n'kulemba kuseri: "Ndibwezereni."

"Ayi, bambo. Ndidzakufunsani pakamwa pakachira. Kulakwa kamodzi n'kokwanira."

Bamboyo anapukusa mutu mwamphamvu, n'kulembanso, akudinikiza mpaka cholembera kuboola khadi: "Supuni zija si imfa. Ndi supuni. Ndikufuna ndiwauze bambo aja."

Kalembera anaona kuti uyu sanali mutu wongogwedezeka. Nthawi ili 10:44 anamubwezera. Kenako analembera gulu lonse zimene zinachitika, mwadongosolo, ndi madeti ake: thonje, chala, bwana, ndi zoti mayi a pa desiki ndi iyeyo, ndipo sasungulumwa, amangodana ndi yogati wowonongeka. Anawonjezera kuti Wamafiriji wapempha kuti za m'nyumba za anthu zifufutidwe, ndipo kuyambira lero azilemba zokhazo zimene eniake alola.

A Pulofesa anakhala chete mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi, zimene zinali zisanachitikepo. Kenako analemba kuti: "Izi zikungotsimikizira zimene ndakhala ndikunena."

"Supuni zinagwa chifukwa pamwamba pa firiji pamanjenjemera," anayankha Wamafiriji. Aka kanali koyamba kuyankha munthu pagulupo.

"Ndi chikondi chonse, bambo, mlembi sadziwa zonse zimene walemba."

"Ndinazitola ndine."

Anakangana mpaka nthawi yoweruka.

Loweruka pa 30 Juni, Kalembera anatenga kaundula n'kupita ku bwalo limene alamu ake ankaphunzitsira. Anawapeza ataima pakati pa migolo iwiri, akukuwira mayi wina amene ankabwerera m'mbuyo molunjika mgolo wachitatu.

"Alamu, ndabwera ndi nambala."

"Ndawerenga kale zonse. Buleki, mayi! Buleki!" Galimoto inazima. A Tcheyamani anatembenuka. "Munthu anatuluka mphindi zingati?"

"Makumi anayi ndi zisanu ndi imodzi."

"Ndiye inu simukanangotseka diso limodzi? Ndani akanadziwa? Ine masamu a mphindi ndiwadziwira kuti?"

"Munati masiku makumi atatu osatuluka. Anatuluka. Komanso masiku 29 oyambawo sankadziwa kuti alimo. Nambala yoona ndi iyi." Anatsegula kaundula. Panali 1, wa cholembera chakuda.

A Tcheyamani anapumira m'mwamba. "Akulu anu anandichenjeza ndisanawakwatire kuti kwanu kuli mmodzi wotere." Anatulutsa foni, anatsegula gulu, chala chili m'mwamba. Kalembera anayang'ana migolo. Anaganiza za mutu wake wosatumizidwa uja, ndi mwamuna wake womvetsera ndi maso otseka.

Chala sichinatsike.

"Kompuresa ija ifika liti?"

"Pa 3 Julaye. Lachiwiri."

"Ndiye m'dala uja nyemba zija adzazitani? Adzazibwezera? Adzadya?"

"Sindikudziwa, alamu. Ndipo Wamafiriji akuti akayamba wapempha chilolezo. M'dalayo akakana, sitidzamva."

"Akakana! Munthu watisunga milungu iwiri tikudikira, ndiye akane?" Anabwezera foni m'thumba. "Nditseka Lachitatu."

Lachiwiri pa 3 Julaye, nthawi ili 12:05, uthenga unafika:

"Kompuresa ndaika. M'dala ndamufotokozera zonse, ndapepesa. Wakwiya pang'ono, kenako wandiuza kuti ndimuwerengere. Akuti ndinalakwitsa: mkazi wawo anamwalira mu Seputembala, mu Ogasiti ndi pamene anaphika. Kapoto anyamula okha, abwezera pamalo pake. Akuti nkhani ya mkazi wawo singakwane m'mizere isanu ndi iwiri, ndipo ngati pali anthu ofuna kumva, ailemba okha. Nambala yawo ndi iyi."

Kalembera anawaimbira kaye m'dalawo. Anawafunsa kawiri ngati akufunadi kulowa, ndipo anafunsanso ngati m'kamwa mwawo muli kanthu. Nthawi ili 12:20 anawalowetsa, mlendo wa nambala 39.

Lachitatu linafika. A Tcheyamani anatumiza uthenga m'mawa: "Ndagula foni ya malo ambiri. A Pulofesa, mlendo sadzudzulidwa masiku makumi atatu. Ndikukuonani." Za kutseka sanazitchulenso.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro, Kalembera anatumiza mutu uja. Pasanathe ola, Wamafiriji analemba. Anati mitu yam'mbuyo yonse waipeza ndipo waiwerenga m'basi, popita ndi pobwera kuntchito. Anatsatira lamulo bwinobwino: anatchula mzere umene unamusangalatsa, kenako anafunsa funso limodzi.

"Mayi, m'mutu wachinayi magetsi azima masiku atatu, koma tsiku lachinayi banja lonse likudya nyama ya mufiriji, ndipo m'mutu wachisanu onse ali moyo. Firiji imeneyo ndi ya mtundu wanji? Ndikufuna ndiione."

Kalembera anatsegula mutu wachinayi. Anawerenga masikuwo ndi chala. Analidi atatu. Anthu asanu anawerenga mutu umenewo, a Pulofesa anaulembera ndime zisanu ndi zitatu, koma palibe amene ananunkhiza nyamayo.

Anauza wodwala wotsatira kuti adikire mphindi ziwiri, n'kutenga pensulo.